Chenjezo: Lekani Kuseweretsa Bala la Opaleshoni la Munthu Amene Ali ndi HIV

Tamverani kuno inu ogwira ntchito m'zipatala, inunso odwala ndi achibale odikirira matenda. Pali khalidwe limene likutiwawa mtima. Munthu amene ali ndi HIV akati achitidwe opaleshoni, ena mwa inu maganizo onse amathamangira ku magazi ake. Mumamukankhira kumapeto kwa mndandanda, mumanong'onezana, kumugwira ngati moto. Chonsecho amene ali pangozi yaikulu m'chipindamo ndi iyeyo. Mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano ya magazi a HIV, otenga kachilomboka ndi pafupifupi 3, ndipo pali mankhwala oteteza wobayidwayo, otchedwa PEP, oyamba asanathe maola 72 n'kumwa masiku 28. Koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, odwala 11 mwa 100 alionse ochitidwa opaleshoni amalowedwa tizilombo pabala. Chimene chimaoletsa bala ndi mabakiteriya a pakhungu, a m'manja osasamba ndi a pazida zosatsuka bwino. HIV imangofooketsa chitetezo chimene chikanalimbana nawo.

Tiyambe ndi inu odwala, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musabise kwa dokotala kuti mumamwa ma ARV, ndipo mubwere nawo m'botolo lake. Sikuti tikufuna kukuchititsani manyazi ayi. Ma ARV ena monga ritonavir amachedwetsa chiwindi kuchotsa m'thupi mankhwala ena ogonetsa ndi opha ululu, monga midazolam ndi fentanyl, moti wogonetsa odwala akapanda kudziwa, mungagone kupitirira muyezo, kupuma n'kuvuta.

Ndiye pali kusasamala kumene sitikumvetsa: munthu wauzidwa kuti asadye usiku wa opaleshoni, basi ma ARV nawo wasiya, mwina sabata yathunthu. Anakuuzani ndani? Kusala chakudya sikuletsa kumeza piritsi ndi timadzi pang'ono, pokhapokha dokotala atanena yekha. Mukadukiza, kachilombo kamayambanso kuswana ndipo kangayambe kusamva mankhwala. Kwa amene alinso ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, kusiya ma ARV a tenofovir ndi lamivudine mwadzidzidzi kungatupitse chiwindi koopsa. Bakitirimu nayenso asalekedwe. Ndipo inu anamwino, ARV wa dolutegravir saperekedwa pamodzi ndi mankhwala a chilungulira okhala ndi magnesium kapena aluminium, chifukwa amamugwira m'matumbo osalowa m'magazi. Amwedwe maola 2 mankhwala enawo asanamwedwe, kapena maola 6 pambuyo pake. Mapiritsi owonjezera magazi ndi a calcium amachitanso chimodzimodzi akamwedwa m'mimba mopanda kanthu.

Opaleshoni yosafulumira isachitike mwachimbulimbuli. Onani zotsatira zaposachedwa za kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi ndi za CD4, chiwerengero cha maselo oteteza thupi. Munthu amene tizilombo sitikuonekanso m'magazi mwake, CD4 ili bwino, bala lake limapola pafupifupi ngati la wina aliyense. CD4 ikatsika pansi pa 200, kapena tizilombo tikachuluka, nzeru ndi kudikira kuti mankhwala agwire kaye ntchito. Funsani za chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, poopa TB yobisala. Yezani magazi ndi shuga, pakuti thupi lochepa magazi ndi loperewera zakudya silimanga mnofu watsopano. Wosuta fodya asiye kutatsala masabata 4 kapena kuposerapo. Koma pa ngozi, monga thumbo lophulika kapena mayi wolephera kubereka, palibe kudikira CD4. Kuchedwetsa munthu wotere chifukwa cha HIV ndi nkhanza.

Tsono za lezala. Mpaka liti mudzakhala mukumeta odwala ndi lezala usiku wa opaleshoni? Lezala imasiya timabala tosaoneka ndi maso, ndipo pofika m'mawa mabakiteriya aswaniramo. Ngati ubweya sukutchinga pong'amba, usiyeni. Ngati ukutchinga, metani ndi makina ometera nthawi ya opaleshoni itayandikira. Wodwala asambe thupi lonse ndi sopo. Pakhungu pakani mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine osakaniza ndi spiriti, kuyambira pong'amba kupita kunja, ndipo dikirani mphindi 3 kuti paume. Kufunda nsalu pali ponyowa ndi kutaya mankhwala, komanso spiriti wosauma amayaka akakumana ndi makina ootchera mitsempha.

Pa mankhwala opha mabakiteriya m'pamene tikuona kulakwitsa kwakukulu, mbali zonse ziwiri. Ena amabaya jakisoni bala litang'ambidwa kale, tizilombo titalowa. Cefazolin wa magalamu 2, kapena 3 kwa wolemera kuposa makilogalamu 120, alowe mumtsempha mkati mwa mphindi 60 mpeni usanakhudze khungu. Opaleshoni ikapitirira maola 4, kapena magazi akatayika oposa lita imodzi ndi theka, bwerezani. Enanso, poti wodwala ali ndi HIV, amapitiriza majakisoni masiku 7 pa bala loyera, ati kuteteza. Kumeneko si kuteteza. Mukungolera mabakiteriya osamva mankhwala ndi kuyambitsa kutsegula m'mimba kwa munthu wofooka kale. Pokhapokha pakhale matenda enieni ofunika kuchiza, bala likasokedwa mankhwala otetezawo athere pomwepo.

Zida zitsukidwe kaye bwinobwino zisanalowe m'makina a nthunzi, chifukwa magazi ouma m'mano a zopanira amabisa tizilombo. Zokutidwa zikhale mphindi 30 pa madigiri 121, ndipo phukusi lotuluka lonyowa liyesedwe lakuda. Magolovesi awiri valani kwa wodwala aliyense, osati kwa amene mwamva mbiri yake yekha. Singano isabwezeredwe chivindikiro, mpeni upatsiranidwe m'mbale. Wodwala afundidwe kuti thupi lisazizire pansi pa madigiri 36, ndipo chitseko chisamangotsekulidwa.

Ku wodi, bandeji yoyamba isiyidwe maola 48 ngati sinanyowe. Manja apakidwe spiriti masekondi 20 mpaka 30, kapena asambidwe ndi sopo masekondi 40 mpaka 60, musanagwire bala ndiponso mutatha. Kuyenda bedi ndi bedi ndi magolovesi amodzimodzi ndi uve, tinene mosabisa. Paipi ya mkodzo ichoke mkati mwa maola 24 ngati palibe chifukwa choisungira, ndipo kanula (kapaipi ka mumtsempha) achotsedwe tsiku lomwelo ngati pamalopo pafiira kapena pakuwawa.

Achibale, chonde, lekani kusenda bandeji kuti alendo aone. Musathire phulusa, zitsamba kapena ufa wa makapisozi pabala. Tizilombo ta pabala tingaonekere nthawi iliyonse m'masiku 30, ndipo ngati anaikamo chitsulo, mpaka masiku 90. Bala likafiira mofalikira, likatupa, likayamba kuwawa kwambiri m'malo mochepa, likatuluka mafinya kapena madzi onunkha, ulusi ukamasuka, thupi likatentha kufika madigiri 38, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti wa CD4 yotsika thupi lake mwina silitentha n'komwe ndipo mafinya satuluka ambiri. Mukaona akupuma mofulumira, wafooka mwadzidzidzi, mkodzo wachepa kapena akulankhula zosokonekera, tizilombo tingakhale talowa m'magazi. Musadikire kuti kuche, ndipo ponyamuka musaiwale botolo lake la ma ARV.