Kadamsana si nthawi yoyesera maso a ana

Ndakwiya kwambiri ndi uthenga umene bambo wina watumiza pa gulu lathu la makolo la pa WhatsApp, wolangiza kuti kadamsana akachitika, ana aziyang'ana dzuwa kudzera m'magalasi akuda wamba, m'pepala la X-ray la kuchipatala, kapena m'galasi lodetsedwa ndi utsi wa kandulo. Mnyamata wina amene amakonda kuona nyenyezi ndi telesikopu yake atawayankha mwaulemu kuti malangizowo ndi oopsa, bambowo anamunyoza pamaso pa gulu lonse kuti ndi wodzimva ndipo akungofuna kugulitsa magalasi. Mwanayo ananena zoona, ndipo akuluakulu ambiri anangokhala chete.

Dzuwa siliyang'anidwa ndi zinthu zimenezo, ngakhale mwezi utaliphimba mbali yaikulu. Kuwala kotsalako kumatha kupsereza retina, kachiwalo ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti kachiwaloka sikamva ululu. Mwana amayang'ana, amaseka, amaomba m'manja, ndipo patapita maola angapo ndi pamene amayamba kuona kadontho kakuda pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana. Ena amachira patapita nthawi, ena amakhala nako moyo wawo wonse. Ndiye munthu wamkulu, wa ana ake, angalimbe mtima bwanji kutumiza uthenga wotere kwa makolo anzake?

Anthu okonda zakuthambo sakonzekera kadamsana miyezi ingapo isanakwane chifukwa cha matama. Amafunafuna magalasi apadera olembedwa ISO 12312-2 (chizindikiro chosonyeza kuti anapangidwira kuonera dzuwa), amawayang'anitsitsa ngati sanang'ambike kapena kukalika, ndipo chotchingira kuwala amachimangirira kutsogolo kwa telesikopu osati poikira diso, chifukwa telesikopu imasonkhanitsa kuwala kochuluka moti ikhoza kuwononga diso m'kanthawi kochepa kwambiri. Amadziwa kuti magalasi amavulidwa pokhapokha dzuwa likaphimbika lonse, monga zinachitikira ku Lusaka pa 21 Juni 2001, pamene kunada masana kwa mphindi zoposa pang'ono zitatu. Amadziwanso kuti pa kadamsana wa pa 1 Seputembala 2016, amene anadutsa kum'mwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique ndipo ife kuno tinamuona mbali chabe, panalibe mphindi ngakhale imodzi yoyang'ana dzuwa ndi maso osatetezedwa, chifukwa m'mphepete mwa dzuwa munatsala mkombero wowala. Kusamala konseku ndi kulemekeza diso, ndipo munthu wochita zimenezi sayenera kunyozedwa ndi munthu amene sanafunsepo aliyense.

Musandiuze za umphawi, chifukwa njira yabwino siifuna ndalama. Tengani katoni, boolani kabowo kakang'ono ndi singano, fulatirani dzuwa, ndipo muone chithunzi chake chikugwera pa pepala loyera. Pansi pa mtengo wa mango, kuwala kodutsa m'masamba kumajambula timadzuwa tambirimbiri tooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Ana akhoza kusangalala nazo maso awo ali bwinobwino. Vuto ndi ulesi wofunsa basi, ndipo akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula. Choipa pano n'chakuti phulalo adzadya ndi mwana, osati wotumiza uthengayo.

Chimene chikundipsetsanso mtima ndi sukulu zathu ndi nyumba zoulutsira mawu, zimene zimayamba kulankhula za kadamsana m'mawa wa tsiku lomwelo, ngati kuti wabwera modzidzimutsa. Masiku a kadamsana amadziwika zaka zambiri zisanakwane. Zikudziwika kale kuti pa 25 Novembala 2030 dzuwa lidzaphimbika lonse m'madera ena a Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, ndipo abale athu ambiri akukhala kumeneko. Kodi n'chiyani chikuletsa aphunzitsi a sayansi kuphunzitsa ana kuboola katoni chaka chino chomwe?