Zingwe zakutha za asodzi: kuno ku Chivero, kumudzi ndi ku Joni

Abale a ku Mbare ndi ku Highfield amene mumapita kukawedza ku nyanja ya Chivero kufupi ndi Harare, mukudziwa mmene gombe limaonekera, twaini wa nayiloni ali mbwee m'maudzu, zidutswa za maukonde zitakola pa mitengo yomira. Ukonde wa monofilament, wa nayiloni wopyapyala uja, ukaduka sumaola ayi, umangogwirabe nsomba mwini wake atapita kalekale, ndiye nsombazo zikamaola zimaitana nkhwazi ndi akatumbu, nazonso zimakodwa momwemo mpaka kufa.

Kuno ku Zimbabwe zonse tinasiyira a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire ndi nsomba. Amayenda pa boti, kulanda maukonde a anthu osodza mozemba, kugwira amene agwidwa, koma msodzi wothawa amangodula chingwe n'kusiya ukonde m'madzi, ndiye kuthamangitsana komweko kukuchulukitsa zinyalala.

Kumudzi ku Malawi ndimaona ngati anatipambana penapake. Kuli ma Beach Village Committee, asodzi eni ake amayang'anirana okhaokha, ndipo ku chilumba cha Mbenji ku Salima a Senior Chief Makanjira amatseka usodzi nyengo ya dzinja, mwambo womwe unayamba m'zaka za m'ma 1950, munthu sangayerekeze kuponya ukonde chifukwa mlandu wake ukakambidwa pa bwalo la mfumu pamaso pa abale ake. Koma kumenekonso maukonde olandidwa, kuphatikizapo maneti a udzudzu aja, amathera pamoto, utsi wa pulasitiki ana akupuma pagombe pomwepo. Zimenezo zimandipweteka mtima.

Ku South Africa anaganiza zina. Ku Gansbaai, tauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere, a bungwe losamalira zachilengedwe la Dyer Island Conservation Trust anayamba kuika mapaipi a PVC m'magombe, kukamwa kwake kopindika kuti mphepo isatulutse zamkati, msodzi chingwe chikatha amangopinda n'kuponyamo, ena amadzatola kuti chisakakole mapengwini ndi mbalame zina za kunyanja. Nzeru yotchipa, pulambala aliyense wa ku msika wa Siyaso ku Mbare atha kupanga masana amodzi. Komabe tisanamizane, paipi ija ndi ya munthu wa mbedza, wowedza pa wikendi. Ukonde wa mamita mazana sungalowemo, komanso munthu wosodza usiku mobisala sangabwere nawo poyera pamene akudziwa kuti amangidwa.

Ine ndikanakonda mapaipiwo aikidwe ku Chivero ndi ku damu la Darwendale, koma pa maukonde titengere za kumudzi, asodzi akhale ndi komiti yawo, wobweza ukonde wakutha asafunsidwe zambiri, apatsidweko kangachepe ngati mmene amagulira mabotolo ndi zitsulo zakutha ku Mbare kuja. Ena amati ife tilibe nyanja yamchere nde sizikutikhudza. Madzi a mtsinje wa Manyame, umene umadutsa ku Chivero ndi ku Darwendale, amakagwera mu Zambezi, a Shire amagweranso momwemo, onse ulendo wa ku Indian Ocean ku Mozambique komwe kuli akamba a m'nyanja, ndipo nayiloni wathu akakafikako sipadzakhala woti amukole n'kumuchotsa.