Pa Lizulu onse amakuwa, koma ine ndimaima pa mayi mmodzi

Maganizo angawa ndikulembera makamaka inu a geni, okwiya akwiye.

Aliyense woyenda mseu wa M1 akudziwa zomwe zimachitika galimoto ikangoima pa Lizulu. Usanatsegule n'chitseko chomwe, mawindo onse adzaza kale: kabichi, anyezi, tomato, karoti, mbatatesi. "Bwana, tiguleni ife!" "Madamu, tangoonani kaye!" Katundu ndi yemweyo, wa m'minda ya ku Tsangano ndi kutsidya kwa mseu ku Mozambique, mitengonso n'chimodzimodzi. Pofika pa boma la Ntcheu sukumbukira nkhope ndi imodzi yomwe.

Koma pali mayi wina amene ndakhala ndikugula kwa iwo zaka 4 tsopano, ndipo sanandikuwirepo n'kamodzi komwe.

Tsiku loyamba ndinafuna ndowa ya mbatatesi. Ndinali ndi mkwiyo wanga, chifukwa mwezi wapitawo mnyamata wina pa msika wina wa m'mbali mwa mseu womwewu anandigulitsa ndowa yooneka bwino pamwamba, zikuluzikulu ngati chibakera. Kukafika kunyumba, pansi ponse tinali timbatatesi tonga mazira a zinziri, tina towola, ndowa yakenso yochita kuikhomera m'kati kuti ichepe. Ameneyonso ndimamukumbukira ndithu, koma pomudutsa ndimakweza windo.

Mayiwa sanayambe ndi mtengo. Anandifunsa, "Achimwene, n'za chipisi kapena zofutsa?" Kenako anayala thumba pansi n'kukhuthula ndowa yonse kuti ndione zapansi. Anatola ziwiri zobooledwa ndi khasu, kuziika pambali, kuikamo zina. Basi. Sanalankhule zambiri.

Patadutsa miyezi iwiri ndinaimanso. Ndisanapereke moni anali atayamba kale: "Mwana uja ankatsokomola kumbuyoyu anachira?" Ine ndinachita kuiwala kuti ulendo uja ndinali ndi mwana. Apa m'pamene anandimangirira.

Ambirinu mumaganiza kuti kasitomala amabweranso chifukwa cha basela. Ayi ndithu. Basela aliyense amapereka, tomato awiri ofewa amene akanatayidwa madzulo. Munthu amabwerera pamene anamuona ngati munthu, osati chikwama choyenda. Ndiye kumutcha aliyense "bwana" sikuthandiza, mabwana achuluka. Funsani komwe akupita, akukaphikira angati, mfunda wawo ndani. Mukamuitana munthu kuti aNangozo kapena aPhiri pakati pa phokoso lonse lija, atembenuka basi.

China chooneka chaching'ono: mayiwa sasinthasintha malo, ndipo mpango wawo ndi wofiira nthawi zonse. Ndikatuma munthu ndimangoti "mayi a mpango wofiira", sasochera. Inu lero muli apa, mawa uko, ndiye tikupezani bwanji?

Za foni ndinenepo pang'ono, chifukwa zimanditopetsa. Ukangopereka nambala kwa ena, m'mawa uliwonse pa WhatsApp "mwadzuka bwanji bwana", zithunzi khumi za katundu amene sunafunse. Mapeto ake timakubulokani. Mayiwa amaimba mwina kamodzi pa mwezi, ndipo pamakhala nkhani: tomato watsika, kapena mbatatesi zatsopano zafika. Ndimatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, iwo n'kukweza thumba pa minibasi, kundipatsa nambala ya kondakitala.

Chimene chinandimaliza chinachitika dzinja lapitali. Ndinafuna anyezi, iwo anali naye mulu wonse patsogolo pawo. Anandiyang'ana n'kuti, "Wanga leroyu sanaume bwino, sakhalitsa. Pitani kwa asisi awo apo, awo ndi wouma." Anataya ndalama yanga tsiku limenelo, mnzawo ndiye anadya. Loweruka likubwerali ndikudutsanso, ndipo anzanga atatu a kuntchito andipatsira ndalama zawo za mbatatesi, onse akuti ndikagule kwa mayi a mpango wofiira.