Si msewu ukutiphawu, ndi madalaivala

Ndakwiya, ndipo lero sindisunga mumtima.

Dzulo masana ndinakwera minibasi ku Lilongwe kupita ku Ntcheu. Titadutsa pa Linthipe tinapeza thiraki ya simenti ikukwera mtunda pang'onopang'ono. Pamalopo mpokhota, ndipo mzere woyera wa pakati pa msewu ndi wosadukiza, woti ngakhale amene wangoyamba kumene sukulu yoyendetsa galimoto amadziwa kuti apa supitirira mnzako. Dalaivala wathu, foni ili pakhutu, dzanja limodzi pachiwongolero, anangolowa mbali yakumanja. Kutsogoloko basi yaikulu ikutsetsereka, magetsi akuthwanima, hutala ikulira. Tili moyo lero chifukwa wa thiraki uja anakhotetsera matayala ake kunja kwa phula n'kutisiyira kampata.

Mayi wina wachikulire, kamdzukulu kali pamiyendo, anati, "Adalaivala chonde tayendani bwino, muno muli ana." Kondakitala anatembenuka n'kuti, "Amayi, ngati mukuopa kaguleni yanu." Anthu ena anaseka. Anaseka! Imfa itangotiphonya kumene.

Tikanafera pamenepo bwenzi lero wailesi ikuti pachitika ngozi pa M1. Pamaliro bwenzi akuti ndi chifuniro cha Mulungu, ena akunong'ona kuti malo ajawa ali ndi mizimu yoipa, ena akutukwana boma chifukwa cha maenje. Ayi abale. Pamene paja panalibe dzenje, panalibe mzimu, satana sanagwire chiwongolero. Panali munthu wamkulu, wa laisensi m'thumba, amene anaona mzere uja bwinobwino n'kusankha kuuponda atanyamula miyoyo ya anthu. Imeneyo musaitchule ngozi. Kumeneko n'kupha, basi.

Zoti madalaivala amathamanga chifukwa cha tageti ya ndalama ya abwana ndi kukwera mtengo kwa mafuta ndazimva mpaka kutopa nazo. Tageti siyimbira munthu foni pokhota.

Timakonda kunena kuti misewu yathu njoipa. Inde, M1 njopapatiza, m'mbali munadyekadyeka. Nanga mumzinda wa Lilongwe momwe anakuza msewu wa Kenyatta, bwanji minibasi ikuimabe pakatikati kutsitsa munthu? Nanga pa Masauko Chipembere Highway ku Blantyre, amene amadumpha maloboti ofiira ndi msewu? Mukawapatsa msewu wosalala ndiye amauyesa bwalo la mpikisano. Vuto lili pampando wakutsogolo kuja, m'mutu mwa woyendetsa. Lamulo la zapamsewu tili nalo, la 1997. Lamulo limati pampando pakhale anthu atatu, ife dzulo tinapanikizana anayianayi, kondakitala atawerama pakhomo. Pepala la COF, losonyeza kuti galimoto njoyenera kuyenda pamsewu, lili mbee pagalasi koma matayala osalala ngati chipumi cha khanda. Malamulo sakusowa, chikusowa ndi munthu woopa kupha mnzake.

Pitani ku wodi ya othyoka mafupa ku Kamuzu Central kapena ku Queens mukaone. Anyamata miyendo ili m'zitsulo, amayi oti ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu sadzayendanso, ana asiya sukulu chifukwa wolipira fizi anapita. Amene anawachita zimenezi ambiri abwerera kale pachiwongolero, akuimbitsa nyimbo mokweza ngati palibe chinachitika.

Inu adalaivala, wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Koma chondiwawa n'chakuti nkhwangwa yanuyo simumvera nokha, mumatitengera ife tomwe amene talipira ndalama zathu kuti tikafike kwathu. Amene mwanyamulawo si matumba a chimanga. Ndi makolo a anthu, ndi ana a anthu.

Ndipo ife okwera tasiya manyazi opusawa. Mmodzi akadzudzula dalaivala, tonse timuthandize, titsike ngati sakumva, tijambule nambala ya galimoto. Mayi uja analankhula yekha, azibambo athunthu ali duu, maso pafoni, ena mpaka kumati tathamangitsani tachedwa. Mwachedwa kupita kuti, kumanda?

Za akabaza a njinga zamoto ndiye musandiyambitse. Anthu atatu panjinga imodzi, mwana atamukhazika pathanki, chipewa palibe ndi mmodzi yemwe, pa raundabauti akulowera kolakwika, usiku opanda nyali. Ukamuimbira hutala akutukwana iweyo, anzake makumi awiri akuzungulira galimoto yako kufuna kuiotcha. Laisensi alibe, inshuwalansi sakuidziwa n'komwe.