Lekani kugula dzina loti "seva", gulani kompyuta ya ntchito yanu

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Dzulo tsiku lonse landithera nditagwada m'shopu ya achimwene anga, kulimbana ndi chinthu chomwe sichinayenere kulowa m'shopumo n'komwe.

Achimwene ali ndi kashopu kosindikiza. Makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zikwangwani za masukulu a mkaka, masatifiketi, zithunzi za pasipoti. Ntchito yawo yonse imathera mu CorelDRAW ndi Photoshop. Kompyuta yawo yakale itatopa, anasunga ndalama miyezi yambiri, akudzimana, kuti agule ina. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, nambala yanga ali nayo, Lamlungu lililonse timadyera limodzi nsima kwa amayi. Sanandifunse. Anapeza munthu pa gulu lina la WhatsApp amene anangowauza zinthu zitatu: seva, Xeon, ma core 28. Basi, ndalama inapita. Kwa osadziwa: seva ndi kompyuta yotumikira anthu ambiri nthawi imodzi kudzera pa netiweki, Xeon ndi pulosesa ya Intel ya m'ma seva (pulosesa ndi ubongo wa kompyuta), ndipo ma core ali ngati antchito a m'kati mwa pulosesayo.

Anandiimbira m'mawa kuti, "Tabwera udzaone, makinawa akuchita zachilendo." Phokoso ndinayamba kulimva ndili pakhonde. Chinthucho n'chachitali, chophwatalala ngati chitseko cha kabati, anachisanjika pamipando iwiri chifukwa patebulo sichikwana. Ukachiyatsa mafani ake onse amalira pamodzi ngati chigayo chayamba, kenako chimatha mphindi zingapo chikudziyeza chokha Windows isanabwere. Pambali pake pakadali kasitika ka kampani yakunja yomwe inachitaya, nambala ya katundu ikuonekabe bwinobwino. Mayi wina amene anabwera kudzatenga mapulogalamu a maliro a bambo ake anachita kukuwa kuti amveke. Munthu woferedwa, kukuwa m'shopu chifukwa cha mafani. Pamenepo ndi pomwe mtima wanga unawira.

"Achimwene, mwagula chiyani apa?"

"Iwe, imeneyi ndi seva. Akuti mabanki amagwiritsa ntchito zomwezi."

"Koma inu simuli banki, achimwene. Mumasindikiza makhadi."

Anangoti chete. Ndinawamvera chisoni, chifukwa ndikudziwa m'mene anavutikira kupeza ndalama imeneyo.

Tsono tamverani, abale anga, nonse amene mukufuna kugula kompyuta chaka chino. Pulosesa ya seva si pulosesa ya desktop yokwezedwa paudindo. Si mkulu wake wa Core i5 ya m'makompyuta wamba. Ndi chida china, cha ntchito ina, chopangidwira malo ena. Mukachiika pa ntchito yosakhala yake chimakuvutitsani, ngakhale dzina lake limveke lolemekezeka bwanji.

M'kati mwa chinthu cha achimwenecho muli ma Xeon E5-2680 v4 awiri. Iliyonse ili ndi ma core 14, ndiye wogulitsayo pamenepo sananame, onse pamodzi ndi 28. Chomwe sananene n'choti pulosesa imeneyi inatuluka mu 2016. Chomwe sananene n'choti imayenda pa liwiro la 2.4 GHz, ndipo ikadzikoka kwambiri imafika pa 3.3 GHz basi. Yerekezani ndi Core i5-12400 ya mu 2022, kapena Ryzen 5 5600: ma core 6 okha, koma amafika pa 4.4 GHz, ndipo pa kugunda kulikonse amagwira ntchito yambiri kuposa yakaleyo chifukwa kapangidwe kake n'katsopano. Tsabola wakale sawawa. Xeon imeneyi inali ngwazi nthawi yake, ndikuvomera, koma nthawi yakeyo inapita.

Ndipo ngakhale ikanakhala yatsopano, funso ndi lomweli: ntchito yanu ndi yotani? Muli ndi mtondo umodzi ndi munsi umodzi, mwaitana amayi 28 kuti adzasinje. Adzasinja ndi mmodzi kapena awiri, enawo adzangoima m'mbali n'kumadikira nsima. Chomwe mumafuna pamtondo umodzi ndi munthu wamphamvu ndi wachangu, osati chigulu. Zambiri zomwe achimwene amachita tsiku lonse, kusuntha chithunzi, kusintha zilembo, kutsegula fayilo, kukoka mzere, ndi ntchito ya mtondo umodzi. Imadalira liwiro la core imodzi kapena ochepa. Ndinawatsegulira Task Manager, yomwe imaonetsa ntchito ya ma core m'timabokosi, kuti aone ndi maso awo. Akukoka chithunzi cha mkwati ndi mkwatibwi, kabokosi kamodzi kadzaza mpaka pamwamba, kena kakugwedezeka pang'ono, mabokosi ena onse ali phee. Ndalama yawo inagula antchito ongokhala.

Choipitsitsa, wogulitsayo anawaikira Windows 10 Home. Home imaona pulosesa imodzi yokha, yachiwiri siyiidziwa n'komwe. Ndiye pa ma core 28 omwe analipira, Windows imaona 14. Pulosesa yachiwiriyo yangokhala m'menemo, ikutentha, ikudya magetsi, osagwira kanthu. Munthu wogulitsa ma seva osadziwa zimenezi akugulitsiranji ma seva? Ndipo ngati amadziwa, ndiye kuti ndi wakuba.

Nanga Windows 10 yomweyo, Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa ma Core a Intel imayambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Xeon E5 v4 palibe pa mndandanda wa mapulosesa omwe Windows 11 imavomereza. Inde, ndikudziwa, anyamata a m'tauni adzati pali njira yolambalala. Ilipo. Koma munthu wamkulu, wa bizinesi, wogula kompyuta ndi ndalama ya thukuta lake, ayambe tsiku loyamba ndi kulambalala? Ayi.

Tibwere ku magetsi, pomwe pamapweteka kwambiri kwathu kuno. Xeon iliyonse ya achimwene ndi ya mawati 120. Ziwiri, 240, mapulosesa okhaokha zikamagwira ntchito mwamphamvu, tisanawerenge mafani, RAM (mosungira zomwe kompyuta ikugwiritsa ntchito panthawiyo) ndi zina zonse. Ryzen 5 5600 ndi ya mawati 65. Yuniti imodzi pa mita yanu ija ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi, ndiye werengerani nokha mwezi wonse shopu ikutsegula m'mawa mpaka madzulo. Achimwene anali atadabwa kale kuti mayunitsi akuthera kuti. Ndipo magetsi atazima masana, ndili pomwepo, kainveta kawo komwe kankanyamula kompyuta yakale ndi printer mosavuta kanalira kwa kanthawi kochepa n'kuzima. Ntchito yomwe anali asanasunge inapita. Seva inapangidwira chipinda chozizira, chotsekedwa, chopanda fumbi, chokhala ndi jenereta panja ndi mabatire odzaza khoma. Inu mwaiika m'shopu ya malata, m'mbali mwa msewu wafumbi, kutentha kwa mwezi wa Okutobala kukubwera. Mukuganiza kuti mafani aja adzatani?

Zithunzi nazonso. Xeon E5 ilibe gawo la zithunzi m'kati mwake. Seva imabwera ndi kachipangizo kakang'ono pa motherboard kongothandiza katswiri kuona zolemba akamakonza, chifukwa seva siikhala ndi munthu woiyang'ana tsiku lonse. Munthu wa Photoshop ndi kachipangizo kameneko? Ndiye tsopano akufunika kugula graphics card, ndipo si iliyonse yomwe ingalowe m'bokosi lophwatalalalo. Ndalama ina. Pomwe i5-12400 ili ndi gawo la zithunzi kale, Ryzen 5 5600G chimodzimodzi, ungolumikiza sikirini n'kuyamba ntchito.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musandimve molakwa ngati ndikunyoza Xeon kapena EPYC, pulosesa ya seva ya kampani ya AMD. Ndimazilemekeza kwambiri, pamalo pake. Mukatumiza ndalama pafoni, kumbuyoko kuli ma seva omwe akuyankha anthu miyandamiyanda nthawi imodzi. Imeneyo ndiye ntchito ya mitondo yambiri, aliyense wake, ndipo pamenepo ma core ambiri ndi chuma. AMD EPYC za mu 2022 zimafika ma core 96 pa pulosesa imodzi, zili ndi njira 12 zolankhulirana ndi RAM pomwe desktop ili ndi ziwiri zokha, ndiponso njira 128 za PCIe zolumikizira ma disk ndi makhadi a netiweki. Zimagwiritsa ntchito RAM ya ECC, yomwe imadzigwira yokha ikalakwitsa kadontho kamodzi n'kukonza, chifukwa pa buku la ndalama za anthu kapena mafayilo a odwala kulakwitsa kamodzi n'kokwanira kuwononga zinthu. Zinapangidwa kuti ziziyaka usana ndi usiku, chaka ndi chaka, osazima. Ngati mukuyendetsa makompyuta ambiri ongoyerekeza m'kati mwa bokosi limodzi, ngati muli ndi database yomwe ofesi yonse ikuidalira, ngati mukusungira anthu mawebusaiti, gulani seva, ndipo ndidzabwera kudzakuthandizani kuiika. Ngakhale wophunzira amene akufuna kudziwa za ma seva n'cholinga chodzapeza ntchito, Xeon yakale yotsika mtengo ingamuthandize, chifukwa iyeyo akudziwa chomwe akugula ndipo phokosolo walivomereza yekha.

Koma inu a shopu yosindikiza, inu ojambula nyimbo m'chipinda chogona, inu ophunzira olemba ma assignment, inu okonda masewera, inu a ofesi ya Excel ndi imelo, seva mukuifuniranji? Thiraki yonyamula feteleza kuchokera ku Beira ndi yamphamvu, palibe wotsutsa. Koma simuigula kuti muzipitira kumsika kukagula matimati. Mafuta adzakumalizani, poimika mudzasowa, ndipo wa kabaza adzakupitirirani pa mphambano iliyonse. Wojambula nyimbo ndiye ndimamumvera chisoni kwambiri, chifukwa maikolofoni idzatola kulira kwa mafani m'nyimbo iliyonse.

Chifukwa chake zinthuzi zachuluka sichovuta: makampani akunja amachotsa ma seva akale ambirimbiri nthawi imodzi, mtengo umagwa, ndipo kwathu kuno chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chatsopano chinakwera, ndiye chotsika mtengo chimakopa. Ndamva. Koma kutsika mtengo pa tsiku logula si kutsika mtengo. Mudzalipira pa mita mwezi ndi mwezi. Mudzalipira tsiku lomwe power supply idzapse n'kupeza kuti ya m'shopu wamba siyilowa. Mudzalipira mukadzafuna kuwonjezera RAM n'kuuzidwa kuti imafuna ya registered, ya desktop siigwira. Mudzalipira ndi makasitomala omwe adzatope kudikira.

Funso ndi limodzi lokha, ndipo ndilibwereza mpaka mutope nane: kompyutayi izigwira ntchito yanji? Osati ili ndi ma core angati. Osati dzina lake ndi lotani. Osati ndani wina amaigwiritsa ntchito. Izigwira ntchito yanji, m'chipinda chotani, pa magetsi otani? Mukayankha limenelo pulosesa imadzisankha yokha. Wogulitsa amene sakufunsani funso limeneli asanatchule mtengo sakufuna kukuthandizani, akufuna kuchotsa katundu. Safunsa anadya phula, ndipo achimwene anga adya phula lokwera mtengo, mng'ono wawo wodziwa zimenezi ali pa foni pomwepa.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi za "Core i7" zomwe zadzaza m'magulu ogulitsiranamu. "Laputopu Core i7, yamphamvu, mtengo wokambirana." I7 yake iti? M'badwo uti? Core i7-2600 inatuluka mu 2011. Core i3-12100 ya mu 2022 ili ndi ma core 4 ngati yomweyo, ndipo imaisiya kutali pa liwiro. Koma munthu akamva i3 amakwinya nkhope, akamva i7 amatulutsa ndalama. Ogulitsa akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake nambala yonse salemba. Amajambula kasitika ka i7 pafupi, chithunzi chowala bwino, nambala ya m'badwo osaonetsa. Ukafunsa amati "bwerani mudzaone bwana", ukafika amakuuza kuti pali wina akuifuna kale. Sabata yatha yomweyi mtsikana wina wa ku koleji anandibweretsera ya mtundu umenewu, batire yotupa, kiyibodi yodzuka pakati, akulira kuti ndalamayo inali ya fizi. Ndinaitembenuza, ndinawerenga nambala pansi pake, m'badwo wachitatu.

Wogulitsa seva uja kuyambira dzulo madzulo foni sakuyankha. Uthenga akuwerenga, timizere tiwiri tikusanduka tabuluu. Chinthucho chikadali pamipando iwiri ija, ndachizimitsa, ndipo achimwene lero akugwirira ntchito pa laputopu yanga.