Funde loyenda lokha

Nkhani ya masamu a soliton, funde loyenda lokha osaphwasuka, mwailemba bwino. Koma achimwene amene mwanena kuti masamu oterewa ndi ongotayitsa nthawi kuno kwathu, pepani, ine sindikuvomereza.

Mu 1834, injiniya John Scott Russell anaona bwato litaima mwadzidzidzi m'ngalande ya Union Canal ku Scotland. Madzi anatukumuka n'kupanga funde limodzi lomwe linangopitirira lokha, osaphwasuka. Mkuluyu analithamangira pa hatchi mtunda woposa kilomita! Ambiri sanamukhulupirire poyamba, koma patapita zaka akatswiri a masamu anadzalifotokoza fundeli, kuphatikizapo Korteweg ndi de Vries omwe analemba masamu ake mu 1895. Funde limafuna kumwazika, koma msinkhu wake umalikakamiza kuwunjikana, ndiye mphamvu ziwirizi zikalingana limayenda osasintha. Mafunde awiri otere akakumana amangodutsana, lililonse n'kutuluka momwe linalili. Dzina loti soliton linabwera mu 1965, ndipo mu 1980 wasayansi Mollenauer ndi anzake anaonetsa kuti kuwala nakonso kumatero m'ulusi wa galasi (faiba) wotumizira mauthenga.

Ine ndimaphunzitsa fizikisi kusekondale kuno ku Zomba. Tsiku lina ndinapita ndi ana kumtsinje wa Mulunguzi kuti tikayese. Mafunde athu onse anangobalalika m'miyala, ana n'kumandiseka. Pamafunika ngalande yowongoka, madzi osaya. Teremu ikubwerayi tiyesa ndi paipi yong'amba pakati.