Mitengo ya ku Joni imandipatsa chiyembekezo

Lamlungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville kuno ku Joni, bambo ena achikulire a ku Mulanje anatiuza kuti kumanga nyumba kumudzi masiku ano n'kutaya ndalama, poti madzi adzaikokolola basi. Sindinawatsutse pamaso, chifukwa namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anawalanda abale, ndipo munthu wotere sayankhidwa mwachangu. Komabe maganizo anga ndi osiyana ndi awo, ndipo ndinawatola pa ntchito yanga ya m'gadeni ku Parkview.

Pamene golide anapezeka kuno mu 1886, malo ano anali a udzu, mitengo ili apo ndi apo. Lero munthu akaima pa phiri la Northcliff mu Okutobala, jakaranda atachita maluwa, nyumba zambiri zimabisika m'masamba. Nkhalango imeneyi sinamere yokha. Inabzalidwa, inathiriridwa, inatengulidwa kwa zaka zoposa 100, ndipo ambiri mwa amene akuisamalira tsopano ndife Amalawi. Ine amene ndimadziwa kuphimbira tsinde ndi masamba ouma kuti chinyontho chisathawe, ndiponso kuteteza kamtengo ku chisanu cha mu Julaye, ndimachitira zimenezi abwana, pamene phiri la Ndirande lili mbee.

Kwathu timabzala mitengo chaka chilichonse mvula ikayamba, akuluakulu n'kujambulitsa atagwira khasu, koma pofika Ogasiti mbuzi ndi moto zimakhala zitamaliza zonse. Chimene chimasowa ndi munthu wobwererako tsiku ndi tsiku.

Achemwali anga ku Salima analeka kuzula mphukira za nsangu m'munda mwawo. Mtengowu ndi wodabwitsa, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga, ndipo masambawo amasanduka manyowa. M'chilala cha 2024 sanakolole zambiri, koma mizere ya pansi pa nsangu ndi imene inawapatsako kanthu. 

Sindikulonjeza kuti anamondwe adzaleka. Ndikungoona kuti luso limene tikukalamba nalo m'mayadi a eni likhoza kuveka mapiri athu, ife tikadzabwerera. Disembala uno ndikapita, ndalama ya zovala za Khrisimasi ndikagulira waya wotchingira mbande 40 zimene achemwali afesa kuseri kwa nyumba.